Kodi Wosweka Mtima Ankapita kwa Yani kwa Msakambewa?

Kwa Msakambewa, monganso m'midzi yonse ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, munthu woferedwa sankagona yekha. Mfuu ikangomveka, amayi ankanyamula zitenje ndi mphasa kukadzaza m'nyumba ya siwa, abambo n'kusonkha moto panja, adzukulu n'kutenga makasu kulowera kumanda. Namfedwa sankaphika, sankatunga madzi, ndipo ngakhale kuseri kwa nyumba sankapita popanda womuperekeza. Akaika maliro anthu sankabalalika tsiku lomwelo. Ankagona pasiwa mpaka tsiku lometa, ndipo pakapita miyezi, kawirikawiri atakolola, ankafulula mowa n'kumetanso kachiwiri, gule n'kutuluka kudambwe ngati malemuyo anali wakumeneko. Apo m'pamene ankati womwalirayo wafika kwa makolo, wotsalayo angathe kuyamba kuganiza za mawa. Wansembe wachikatolika J.W.M. van Breugel, amene anafufuza chipembedzo cha Achewa m'zaka za m'ma 1970, analemba mwatsatanetsatane za kumeta kuwiriku. Ife tinakulira momwemo.

Masiku ano achinyamata akamakamba za umoyo wa m'maganizo amalankhula ngati nkhaniyi yabwera ndi mabungwe, ndipo ife akuluakulu timawayankha kuti makolo anali nazo zonse. Ine ndaona kuti mudzi unkadziwadi kusamala munthu amene tsoka lake aliyense waliona ndi maso. Pamene unkasowa pogwira ndi pa munthu amene chomupweteka chinali chosatchulika pagulu. Mbiri ya chisamaliro cha mtima kwathu kuno ndi mbiri ya anthu amenewo, ndi ya makomo amene akhala akugogoda.

Agogo anga akuchikazi anali mmodzi mwa amayi amene ankatumidwa kukakhala ndi namfedwa. Sankalalikira, ndipo nyimbo sankatsogolera. Ankakhala pansi atatambalala, phewa lawo litagunda phewa la mayi wamasiyeyo, n'kumanunkhiza fodya wawo wamphuno. Kulira kukaphwa pang'ono ankafunsa kuti, "Kodi anayamba bwanji, mayi, matendawa?" Yankho ankalidziwa, poti anali nawo pomwepo masiku onse a matenda. Koma mayiyo ankayamba kufotokoza kuchokera pachiyambi: tsiku limene bambo anabwera kudimba akumva kuzizira, ulendo wa pangolo wopita kuchipatala, mawu otsiriza. M'mawa mwake agogo ankafunsanso funso lomwelo. Phala likabwera ankalandira okha chipandacho n'kunena motsitsa kuti, "Imwaniko pang'ono, mwana akuyang'ana inu." Pofika tsiku lometa, nkhani ija inkakhala itafupika, mayiyo akuikamba mpaka kumapeto osakomoka nayo. Palibe amene ankawalipira agogo pa ntchitoyi, koma aliyense ankadziwa kuti si mayi aliyense angaithe. Wolongolola ndi wamiseche sankatumidwa.

Mwambo womwewo unali ndi minga yake. Mayi amene wagonedwera sabata yonse ankatha kulandidwa mbuzi ndi nkhokwe tsiku lomusudzula, kapena kupatsidwa mwamuna wachokolo amene mtima wake sunamufune. Ndipo panali zowawa zimene mudzi unalibe nazo siwa. Mtsikana akachitidwa zachipongwe ndi mwamuna wa mayi ake, kapena ndi atsibweni ake enieni, akuluakulu ankapukusa mitu n'kunena kuti khoswe wakhala pamkhate. Nkhani ikafika kwa nyakwawa inkatha ndi mbuzi, mbuziyo n'kudyedwa ndi oweruza, mtsikanayo osafunsidwa ngati akugona tulo. Mayi womenyedwa ankathawira kwa ankhoswe, amene nthawi zambiri ankamubweza ndi mawu akuti banja n'kupirira. Mnyamata ankauzidwa akadali wamng'ono kuti mwamuna salira, ndipo ankasunga lamulolo mpaka imvi.

Munthu akayamba kulankhula yekha, kuthawa anthu kapena kuona zimene ena sakuona, abale ankapita kukaombeza. Sing'anga anali ndi chinthu chimene chipatala chinachedwa kuchiphunzira: nthawi. Ankakhala ndi banja lonse, kufunsa za maloto, za mikangano ya minda, za maliro amene sanalongosoke. Nthawi zina ankapeza kuti mizimu yakwiya, n'kulamula kuti afulule mowa, akathire nsembe patsinde pa mtengo, abale odana adyere pamodzi. Chithandizo chotere chinkabwezera wodwala pakati pa anthu ake, ndipo sindichinyoza. Choopsa chinali yankho lina lija, lakuti walodzedwa, chifukwa limafuna dzina la munthu. Dzinalo linkagwera nkhalamba yosauka kapena mkazi wachiwiri, ndipo pofuna kuchiza mmodzi mudzi unkavulaza wina. Boma la atsamunda linaletsa mwabvi ndi kutchulana ufiti ndi lamulo la mu 1911, koma mantha sanathe ndi lamulo. M'zaka za m'ma 1930 anthu a mchape anayendayenda m'dziko lino mpaka kumaiko oyandikana nafe akumwetsa midzi yathunthu mankhwala ochotsa ufiti. Anthu ankawalandira ndi manja awiri, chifukwa mitima inali yolemedwa ndipo panalibe wina wolonjeza kuipeputsa.

Mishoni inafika kuno msanga. Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anakhazika Mvera, m'dziko la Chiwere, mu 1889. Mu 1894 Robert Blake anatsegula Kongwe kwa Msakambewa konkuno, pamene lero pali sukulu ya sekondale yotchedwa ndi dzina lake, ndipo Nkhoma inatsatira mu 1896. Mpingo unabweretsa omvetsera atsopano: abusa, aphunzitsi a m'midzi, akulu a mpingo, kenako amayi a Chigwirizano, amene mpaka lero ndiwo amayamba kufika pakhomo pamene pagwa zovuta, atasenza nkhuni ndi ufa. Wolemedwa ankapeza pemphero ndi nyimbo, ndipo ambiri anachira nazo. Koma bwalo la mpingo linalinso bwalo la milandu. Mtsikana wopezeka ndi pakati ankaimitsidwa pa Mgonero asanafunsidwe bwinobwino kuti mimbayo inabwera motani. Munthu wosowa tulo chifukwa cha maganizo ankatha kuuzidwa kuti chikhulupiriro chake chachepa, n'kubwerera kwawo ndi katundu wachiwiri pamwamba pa woyamba.

Boma nalo linali ndi khomo lake, koma linali kutali, ndipo linali la ndende. Malo oyamba osungirako odwala misala anatsegulidwa ku Zomba mu 1910 ngati mbali ya ndende yaikulu ya kumeneko, owayang'anira ake ali asilikali a ndende. Wolemba mbiri Megan Vaughan, amene anafufuza za malowa n'kusindikiza zimene anapeza mu 1983, anaonetsa kuti ambiri ankafikako kudzera kwa apolisi ndi kukhoti, atachita kanthu koopsa kapena kosokoneza. Mu 1936 madokotala awiri, Shelley ndi Watson, analemba za odwala a ku Zomba, ndipo chidwi chawo chinali kwambiri pa mmene sukulu ndi moyo wachizungu zinkasokonezera mutu wa munthu wakuda. Lamulo loyendetsera chithandizochi linakhazikitsidwa mu 1948 n'kulamulira zaka zoposa 70, ndipo chipatala chenicheni cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. M'chaka chomwecho dokotala wina wa ku Kenya, J.C. Carothers, analembera bungwe la WHO buku lokamba za maganizo a Mwafirika. Iye ndi anzake ambiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti anthu akuda sadwaladwala matenda okhumudwa. Maganizo amenewa anatipweteka kwambiri. Dokotala akakhulupirira kuti nthenda kulibe saifunafuna, motero wofuula ndi wogenda anthu ankaonedwa, koma mayi wongokhala phee pakhonde, osadya, osasamba, sankawerengedwa m'gulu la odwala.

Ndili mwana, mawu akuti "apita naye ku Zomba" ankanenedwa monong'ona. Ndinaonapo mnyamata wa mudzi woyandikana nafe akukwezedwa pangolo atamangidwa manja ndi chingwe cha khonje, mayi ake akutsatira pambuyo ndi kamtolo ka zovala, akumuitana ndi dzina lake laubwana. Anabwerako patapita nthawi yaitali atanenepa, akuyenda mouma khosi chifukwa cha mankhwala, ndipo ana tinkamuthawa. Mankhwala ngati Largactil, amene anafika m'zipatala za padziko lapansi m'zaka za m'ma 1950, anamasula anthu ambiri ku zingwe, ndipo n'zoyamikika. Koma kwa ife anasiya chithunzi chimodzi chokha, chakuti chipatala cha maganizo n'cha amene wapengeratu. Munthu wongosweka mtima sakanayerekeza n'komwe kuyandikirako.

Chonsecho osweka mtima analipo ambiri, ndipo nkhondo inawonjezera. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ankaitchula kuti ya Chiwaya, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza katundu wa asilikali m'nkhalango za Tanganyika ndi Mozambique, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi kamwazi. Pa nkhondo yachiwiri asilikali athu a King's African Rifles anakafika ku Ethiopia, ku Madagascar mpaka ku Burma. Chimene chinabwerera nawo poyera ndi mganda: akabudula oyera ositidwa bwino, mizere yowongoka, ng'oma yaikulu, kuguba kosanduka gule. Chimene chinabwerera nawo mobisika tinkachiona m'nyumba.

Atsibweni awo a mayi anga anali mmodzi wa obwera ku Burma. Masana anali munthu wanthabwala, katswiri woluka nkhokwe. Koma mvula yoyamba ikabwera ndi ziphaliwali, ankasiya chilichonse chimene chili m'manja n'kukalowa pansi pa nkhokwe, atagwira mutu, thukuta lili kamukamu. Usiku ankagona ndi chikwanje pambali pa mphasa. Akazi awo anaphunzira kuwadzutsa ataima pakhomo, akuwagunda kuphazi ndi bango lalitali, chifukwa tsiku lina atawagwira paphewa anawakanyanga pakhosi asanatsegule n'komwe maso. Ena ankati mizimu ya anthu amene anawapha ikuwalondola, ndipo anawasambitsapo mankhwala kumtsinje. Ena ankangoti nkhondo inawalowa m'mutu. Mayi anga anawafunsapo kuti, "Atsibweni, kodi munaona chiyani kumeneko?" Iwo anayankha kuti, "Mphwanga, zimenezo si za pakhomo pano." Anamwalira osanenapo china. Madokotala a ku America analemba vuto limeneli m'buku lawo la matenda mu 1980, ataliona mwa asilikali obwera ku Vietnam, n'kulitcha PTSD: kulota zimene zinachitika, kudzidzimuka ndi phokoso, kupewa chilichonse chokumbutsa, kukhala tcheru ngati ngozi ikadalipo. Zizindikiro zonsezo tinkaziona pansi pa nkhokwe ija zaka zambiri dzinalo lisanabwere.

Bala lalikulu la boma la Dowa lili pa Dzaleka. Nduna zitagalukira Dr Kamuzu Banda mu 1964, ndipo Henry Masauko Chipembere atalephera kulanda boma mu February 1965, anthu anayamba kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo Dzaleka, pamtunda wozizira ndi wamphepo uja, inakhala imodzi mwa ndende zawo. A Mboni za Yehova, amene analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani, anazunzidwa koopsa mu 1972, ambiri n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Atabwezedwa mu 1975, zikwi za iwo anatsekeredwa pa Dzaleka, amayi ndi ana omwe. Zonsezi zinkachitika pamtunda woti munthu wochokera kwathu kuno n'kuyenda wapansi, kukafika dzuwa lisanapendeke.

Apa ndi pamene nzeru zonse za mudzi zinathera. Munthu akatengedwa usiku, kunalibe mtembo, kunalibe siwa, kunalibe tsiku lometa. Mkazi wake sanali wamasiye, komanso sanali wapabanja. Amayi amene akanabwera ndi nkhuni ankaopa kuonedwa akulowa pakhomopo, chifukwa kucheza ndi banja la "chigawenga" kunali kudziitanira tsoka. Ngakhale agogo anga, olimba mtima aja, ankapita kukaona mayi wina wotere kutada, atabisa kambale ka ndiwo m'chitenje. Mwamuna wake atabwerako, patapita zaka, mudzi unamulonjera ngati wachokera ku Joni. Palibe anafunsa kumene anali, iye sananene, ndipo ankakhala nthawi zonse atatsamira khoma, maso ali kunjira. Tinamuzolowera choncho. Ndikakumbukira, chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti tinali anthu odziwa kulira ndi olira, koma mantha anatiphunzitsa kudutsa pakhomo pa mnzathu titayang'ana kumbali.

Zinthu zitasintha ndi riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha 1994, malamulo atsopano a dziko anakhazikitsa bwalo la National Compensation Tribunal kuti lipepese ozunzidwa ndi ndalama. Linapatsidwa zaka 10, ndipo linatsekedwa anthu ambiri asanalandire zonse zimene anayembekezera. Ku South Africa, kuyambira mu 1996, komiti imene ankatsogolera Desmond Tutu inkakhazika ozunzidwa patsogolo pa dziko lonse kuti afotokoze zimene anaona. Njira imeneyo inali ndi zofooka zake, koma munthu ankamvedwa. Kwathu kuno tinapereka mafomu. Amene anatuluka m'ndende zija ambiri apita kumanda ndi nkhani zawo, ndipo ana awo anakula ndi bambo waukali kapena wosalankhula, osadziwa gwero lake.

Mu 1994 momwemo boma ndi bungwe la UNHCR anasandutsa Dzaleka kukhala msasa wa othawa nkhondo. Anabwera a ku Rwanda, a ku Burundi, a ku Somalia, kenako khamu la a ku Congo. Malo amene anakonzedwera anthu 10,000 kapena 12,000 tsopano akusunga oposa 50,000. Ambiri a ife tinayamba kuwadziwa pamsika wa Lachiwiri, umene iwo amautcha Mardi Marché, tikukagulitsa tomato, mbatata ndi nkhuni. Anthu amenewa anabwera ndi zimene maso sayenera kuona: abale ophedwa pamaso pawo, amayi ogwiriridwa ndi asilikali, ana otayika m'njira. Mabungwe ogwira ntchito mumsasamo, monga Jesuit Refugee Service, anayambitsa uphungu wa munthu payekha ndi wa m'magulu, n'kuphunzitsa ena mwa othawa kwawo omwewo kuti azithandiza anzawo m'Chiswahili, m'Chirundi ndi m'Chinyarwanda. Mu 2014 mlakatuli wa ku Congo, Menes La Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mumsasa momwemo, chimene chimakoka anthu ochokera ku Lilongwe ndi kutali. Choncho malo amene anavulaza anthu athu mwakachetechete ndi amene anayamba kutionetsa, pafupi ndi kwathu, kuti bala la mumtima lili ndi ntchito yake ndi antchito ake ophunzira. Sindikunena kuti msasawo ndi malo a mpumulo. Kuthithikana, kuchepa kwa chakudya ndi kusowa ufulu wotuluka kukagwira ntchito zimatsegula mabala tsiku ndi tsiku, ndipo mu 2023, boma litalamula kuti onse okhala m'matauni abwerere ku Dzaleka, ambiri amene anali atayamba kuima paokha anagwanso.

Kwa Mmalawi wamba, uphungu unalowa ndi Edzi. Wodwala woyamba anapezeka mu 1985, ndipo pofika m'ma 1990 maliro anachuluka mpaka mwambo wa siwa unayamba kufupikitsidwa, poti anthu sakanatha kugona kunja sabata ndi sabata minda ikudikira. Kuyezetsa magazi kutafala, makamaka ma ARV atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, zipatala zing'onozing'ono zinapatula kachipinda kokhala ndi mipando iwiri ndi chitseko chotseka. M'kachipinda kameneko munabadwa chinthu chimene mudzi sunkachidziwa bwino: munthu amene si mbale wako, si m'busa wako, si mfumu yako, amene walonjeza kuti zimene wamva sizituluka. Ndinamvapo amayi akunena kuti anapita kukayezetsa koma anathera nthawi yonse akukamba za nkhanza za m'banja, chifukwa kanali koyamba kuti wina atseke chitseko n'kuwafunsa kuti akupeza bwanji. M'mudzi chinsinsi n'chovuta, chifukwa womvetsera wako ndi mlamu wa amene wakulakwira.

Abale achikatolika a St John of God, amene anafika ku Mzuzu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anachita chinthu china chachikulu. Kuwonjezera pa kuchiza odwala, anatsegula koleji yophunzitsa madokotala othandizira, anamwino ndi aphungu a zamaganizo, ndipo pambuyo pake anatsegulanso chipatala ku Area 43 mumzinda wa Lilongwe. Kwa munthu wa ku Dowa, kumeneko n'kufupi kwambiri kuyerekeza ndi ku Zomba. Madokotala akuluakulu a matenda a maganizo akadali owerengeka m'dziko la anthu oposa 20 miliyoni, ndipo pafupifupi onse ali m'mizinda. Amene amasenza ntchitoyi m'maboma ndi anamwino ndi madokotala othandizira aja.

Ndiye lero munthu wa kwa Msakambewa amene sakugona, amene akudzidzimukadzidzimuka chichitikireni ngozi ya galimoto, kapena mayi amene chibadwire mwana sakumva kukoma kalikonse, amayambira pati? Njira imene ndaona ikugwira ntchito imayambira pafupi: kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, kapena pachipatala chaching'ono cha m'dera. Chofunika n'kunena zonse. Ambiri timangoti mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya, ndipo timabwerako ndi panado. Munthu anene kuti vutoli linayamba chichitikireni chakuti, kuti akulota zomwezomwezo, kuti maganizo akumuchulukira, ndipo apemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala wa zamaganizo pachipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi. Amenewo ndi amene amadziwa ngati pakufunika kucheza kokha, mankhwala, kapena kalata yopita nayo ku Lilongwe. Ngati pali kumenyedwa kapena kugwiriridwa, kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, paboma pali ofesi yosamalira anthu, ndipo za ana munthu angathe kuimba 116 kwaulere. Wogwiriridwa afike kuchipatala maola 72 asanathe, kuti alandire mankhwala oteteza ku kachilombo.

Mphungu weniweni amadziwika msanga. Amanena poyambirira pomwe kumene anaphunzira ndi zimene angathe, amalonjeza chinsinsi n'kufotokoza malire ake, sakakamiza munthu kukamba zonse tsiku loyamba, ndipo salonjeza kuchiza tsiku limodzi. Akaona kuti zamukulira amatumiza kwa wina. Amene akukuuza kuti usiye mankhwala a kuchipatala, kapena akuyamba ndi kukutchulira amene wakulodza, kapena akufuna mbuzi asanamve nkhani yako, ameneyo ndi wofunika kumusiya. Kupemphera ndi kupita kuchipatala sizilimbana, ndipo abusa anzeru amene ndikuwadziwa amaperekeza okha akhristu awo kwa namwino.

Amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi abambo. Dera lathu ndi la fodya, ndipo fodya amayenda ndi ngongole: ya feteleza, ya matenanti, ya katapila. Mabelo akagwa mtengo ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, bambo amabwerera ndi pepala losonyeza kuti chaka chonse wagwirira ngongole, ndipo alibe womuuza. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti mwa anthu odzipha m'dziko muno ochuluka kwambiri ndi amuna, ndipo zifukwa zotchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mavuto a m'banja. Gawo 229 la Penal Code linaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu, motero kwa zaka zambiri banja la munthu wopulumuka linkabisa nkhaniyo poopa apolisi, m'malo mothamangira chithandizo. Bambo akayamba kugawa zida zake, kukhala yekha kudimba mpaka usiku, kapena kunena kuti "mudzatsala bwino ine kulibe," mlamu wake kapena mnzake amufunse mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Asamusiye yekha, achotse mankhwala a mbewu m'nyumba, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Chovuta n'chakuti njira yonseyi imadya ndalama ya kabaza, ndipo uphungu si wa tsiku limodzi. Mayi wa kuseri kwa phiri la Kongwe sangasiye munda ndi ana n'kumapita paboma sabata iliyonse. Pa chifukwa chimenechi ndimaganizira kwambiri zimene anachita dokotala Dixon Chibanda ku Harare kuyambira mu 2006. Poona kuti madokotala a zamaganizo sadzakwana, anaphunzitsa amayi achikulire a m'madera, amene anthu ankawakhulupirira kale, njira yomvetsera munthu ndi kumuthandiza kusanthula mavuto ake limodzilimodzi, atakhala pabenchi panja pa chipatala. Anaitcha Friendship Bench. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016, odwala ankakumana ndi agogowo maulendo 6, ndipo patapita miyezi 6, mwa anthu 100 alionse amene anakhala pabenchi, pafupifupi 14 okha ndi amene anali adakali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 50. Njirayi yayesedwa kale m'zipatala zina za ku Malawi kuno.

Anthu oti n'kuigwira ntchitoyi kwa Msakambewa alipo. Mudzi uliwonse umadziwa mayi amene amatumidwa kwa namfedwa, ndi bambo amene anzake amamuuza za ngongole zawo akusuta fodya kuchigafa. Amafumu ndi mipingo angathe kuwatchula mayina lero lomwe. Chimene akusowa ndi maphunziro a masabata angapo, lamulo lolimba la chinsinsi, namwino wa paboma wowayendera mwezi ndi mwezi, foni yokhala ndi mayunitsi yoti aimbire akakumana ndi munthu wofuna kudzipha, ndiponso malipiro. Agogo anga ankagwira ulere chifukwa munda wawo ankawalimira adzukulu. Mayi wa lero akasiya khasu kuti akamvetsere mnzake, feteleza wa chaka chimenecho ayenera kuchokera penapake, ndipo khonsolo ya Dowa ndi unduna wa zaumoyo ndi amene ayenera kuika ndalama imeneyo m'bajeti.